Mphaka Wopanda Mwini ndi Galu Wopanda Chingwe: Mlandu Ngwa Yani?

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa n'kwa Allah amene adalenga chamoyo chilichonse nachipatsa mpweya wake, chakudya chake ndi pobisala pake. Amene amamva kulira kwa kanyama kakang'ono mu mdima wa usiku monga momwe amamvera mapemphero a mzikiti wodzaza. Tikum'tamanda, tikum'pempha chithandizo ndi chikhululuko. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Allah Yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa Maswahaba ake ndi pa onse owatsatira mpaka Tsiku la Chiweruzo.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri. Kumuopa kwenikweni kumayesedwa pamene tili ndi mphamvu pa chinthu chomwe sichingathe kutisumira kwa mfumu, kwa apolisi kapena kukhothi.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, m'mabairro a mzinda wa Tete, ku Moatize, ku Ulongwe, ku Lichinga, ngakhale kugombe la Metangula kumene usipa umayanikidwa pathandala, kuli amphaka ambiri opanda kwawo. Amagona kuseri kwa magolosale, m'ngalande, pansi pa milu ya njerwa ndi m'nyumba zosatha kumangidwa. Usiku agalu akamasulidwa amayenda m'magulu kusaka chakudya, ndipo kukacha timapeza mphaka atakhadzulidwa padzala, kapena tiana take titamwazikana pafupi ndi pomwe mayi wake adatibisa. Nthawi zina zimachitika dzuwa likuswa mtengo: anyamata atumira agalu mphaka amene wapanikizika pangodya ya mpanda, iwo akuombera m'manja, akuluakulu akungopenya. Tikadutsa timati galu ndi mphaka ndi adani chiyambire, ndi chilengedwe chawo, ndiye tingatani. Funso lathu lero ndi lakuti: kodi mawu amenewa akutichotsera mlandu pamaso pa Allah?

Wina atha kudabwa kuti nkhani ya mphaka ikwere pamimbari tsiku la Jumu'ah, pamene anthu ali ndi mavuto a njala, matenda ndi kusowa ntchito. Amene adaikweza poyamba ndi Mtumiki mwiniwake, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye. M'mabuku a Hadith a Imam Bukhari ndi Imam Muslim muli nkhani ya mayi wina amene adalowa ku Moto chifukwa cha mphaka. Adam'tsekera mpaka adafa; sadam'patse chakudya kapena madzi, ndiponso sadam'masule kuti akadzisakire yekha tizilombo ta panthaka. Imam Bukhari adalembanso kuti pa swala ya kadamsana wa dzuwa, Mtumiki adaonetsedwa Moto, ndipo adamuona mayiyo m'menemo mphaka uja akum'kanda. Ngati mphaka mmodzi adakwanira kutsegulira munthu khomo la Moto, ndiye kuti palibe wa ife amene angati nkhaniyi njochepa.

Tiyeni tilingalire bwino tchimo la mayi uja. Sitikumva kuti adatenga ndodo kapena mpeni. Chimene adachita n'kuchotsa njira yopulumukira, kenako n'kusiya njala igwire ntchito yake. Akadatha kudziwiringula kuti dzanja lake silidaphe kanthu, idapha ndi njala. Allah sadalandire chiwiringulo chotero. Munthu akaika cholengedwa pamalo pamene imfa ichipeza chilibe kothawira, imfayo imalembedwa pa dzina lake, ngakhale yabwera kudzera mu njala, m'ludzu kapena m'mano a galu.

Tsono galuyo ndiye wopalamula? Chiphunzitso cha Chisilamu n'chomveka: udindo wosunga malamulo udaikidwa pa munthu wotha msinkhu ndi wanzeru zake. Galu alibe buku la zochita monga lathu. Akamathamangitsa chinthu chomwe chikuthawa akutsata chibadwa chimene Mlengi adamuikira, ndipo chibadwa chomwecho n'chimene mlenje amachidalira kuthengo. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Ma'idah ndime 4, idaloleza kudya nyama yogwidwa ndi chiweto chosakira chophunzitsidwa bwino. Mu Surat Al-Kahf, galu wa anyamata okhulupirira aja akutchulidwa pamodzi nawo, atagona pakhomo la phanga. Ndipo mabuku omwe aja a Bukhari ndi Muslim akusimba za munthu wapaulendo amene adaona galu akuwefuka ndi kunyambita dothi lachinyontho chifukwa cha ludzu. Adatsikiranso m'chitsime, natunga madzi ndi nsapato yake, naigwira kukamwa pokwera, nam'mwetsa galuyo, ndipo Allah adam'khululukira machimo ake. Maswahaba atafunsa ngati pali malipiro pochitira zabwino nyama, adauzidwa kuti malipiro alipo pa chamoyo chilichonse. Wolemba mbiri Al-Waqidi akunenanso kuti pa ulendo wokatsegula Makka m'chaka cha 630, gulu la asilikali 10,000 lidapeza galu wamkazi akuyamwitsa ana ake m'mbali mwa njira, ndipo Mtumiki adaimika Swahaba wotchedwa Ju'ayl ibn Suraqa kuti am'londere mpaka gulu lonse litadutsa. Choncho chifundo chathu pa mphaka sichitipatsa chilolezo chodana ndi galu. Onse awiri ndi a Mbuye mmodzi.

Ngati galu alibe mlandu, ndipo mphaka wafa imfa yowawa, tiyenera kufunsa kuti adawakumanitsa ndani. Kunkhalango mkango ukagwira mbawala palibe munthu amene adaikapo dzanja. Allah adakonza moyo wakutchire ndi muyeso Wake, ndipo sitidalamulidwe kukaimirira pakati pa nyalugwe ndi gwape. Koma dzala la kuseri kwa msika si nkhalango. Mphaka wa pamenepo ndi mwana kapena mdzukulu wa mphaka wapakhomo amene munthu wina adam'tola kuti azigwira makoswe m'nkhokwe, ndipo atabereka adaika tianato m'thumba n'kukatitaya kumsika. Galu wa pamenepo kawirikawiri ali ndi mwini wake, amene amam'dziwa ndi dzina, koma sam'patsa chakudya chokwanira ndipo amam'masula usiku kuti akadzionere yekha. Zinyalala zimene zimawakokera pamalo amodzi ndife tidataya. Makoma ataliatali osalala ndife tidamanga, ndipo mitengo imene mphaka akadakwera ndife tidadula n'kuotcha makala. Mudzi wonse wachita pang'onopang'ono zimene mayi uja adachita yekha: watseka njira yothawira.

Akatswiri ofukula zakale adapeza pa chilumba cha Cyprus manda a zaka pafupifupi 9,500 zapitazo, momwe munthu adaikidwa moyandikana ndi mphaka. Ubale wa mphaka ndi munthu udayamba pamene anthu adayamba kusunga mbewu: makoswe adatsata mbewu, amphaka adatsata makoswe, ndipo munthu adaona kuti mlendo ameneyu ngwaphindu. Galu adakhala ndi munthu kale kuposa pamenepo. Nyama ziwirizi tidazitulutsa m'tchire ndife, ndipo zakhala zikutigwirira ntchito mibadwomibadwo, wina kulonda pakhomo, wina kulonda nkhokwe. Si chilungamo kudya phindu lawo, kenako pa tsiku la tsoka lawo n'kunena kuti ndi zakutchire, zionane zokha.

Shariya idalankhula kale za mwini chiweto. Mu Surat Al-Anbiya ndime 78 ndi 79 tikumva za aneneri Dawud ndi Sulayman, mtendere ukhale pa iwo, akuweruza mlandu wa munda umene ziweto za anthu ena zidalowamo usiku. Palibe amene adaitanira ziwetozo kubwalo. Oyankha mlandu adali eni ake. Mu Al-Muwatta ya Imam Malik, amene adamwalira m'chaka cha 795, muli nkhani ya ngamila ya Al-Bara ibn Azib imene idalowa m'munda wa munthu n'kuononga, ndipo Mtumiki adagamula kuti eni minda aziyang'anira minda yawo masana, koma zimene ziweto zaononga usiku alipire ndi eni ziwetozo. Maulama a fiqh adamanga pa maziko amenewa nanena kuti wosunga galu wodziwika kuti ngoluma, akam'lekerera, amasenza zimene galuyo waononga. Pa ife ambiri izi n'zodziwika, pakuti ngakhale kubwalo la anyakwawa mbuzi zikadya chimanga cha mnzako amalipa ndi mwini khola. Kusiyana kwake n'kwakuti mphaka wopanda mwini alibe wom'tengera nkhani yake kubwalo. Mlandu wake umangodikira bwalo lina.

Mmodzi mwa maulama akuluakulu, Izz ad-Din ibn Abd as-Salam, amene adamwalira ku Cairo m'chaka cha 1262, adandandalika m'buku lake la Qawa'id al-Ahkam maufulu amene nyama zili nawo pa munthu. Mwa maufuluwo adatchula kuzidyetsa ngakhale zitakalamba kapena kudwala kotero kuti sizipindulitsanso, kusazisenzetsa zopyola mphamvu zake, ndi kusaziika pamodzi ndi chinthu chimene chingazivulaze, kaya n'cha mtundu wake kapena wa mtundu wina. Papita zaka zoposa 750 chilembere zimenezi, koma zikukhala ngati adaona mipanda yathu. Munthu amene amaweta galu ndi mphaka pakhomo limodzi osapatsa wofookayo pokwera kapena pobisala waphwanya ufulu umenewu.

Chiwiringulo chachiwiri chimene timapereka n'chakuti mphakayo si wanga, alibe mwini. Abale ndi alongo, m'chinenero cha chikhulupiriro mulibe chinthu chopanda mwini. Surat Al-An'am ndime 38 ikutiphunzitsa kuti nyama zoyenda panthaka ndi mbalame zouluka ndi mitundu yofanana ndi ife, ndipo Surat Hud ndime 6 ikutikumbutsa kuti chakudya cha chamoyo chilichonse chili kwa Allah, ndipo Iye akudziwa pokhala pake. Mphaka amene palibe munthu akum'tchula wake ali ndi Mwini amene saodzera. Ife tidaikidwa padziko ngati akapitawo osungitsidwa katundu, ndipo kapitawo wokhulupirika sanena kuti mbuzi iyi siili m'khola langa pamene akudziwa kuti ziweto zonse ndi za bwana mmodzi. Galu amene wapaulendo uja adam'mwetsa madzi sadali wake. Galu woyamwitsa wa panjira ya ku Makka adalibe mwini pakati pa asilikali 10,000 aja. Malipiro adabwera chifukwa chakuti amene adali ndi mphamvu adaona wofooka ndipo sadapitirire.

Asilamu oyamba ankaona mphaka ngati wa pabanja. Imam Malik adalemba kuti Abu Qatada, Allah asangalale naye, atapatsidwa madzi a wudhu ndi mpongozi wake Kabsha, mphaka adabwera kudzamwa, ndipo iye adam'pendekera chiwiyacho mpaka adakhuta. Kabsha atadabwa, Abu Qatada adam'fotokozera kuti Mtumiki adaphunzitsa kuti mphaka si najisi, chifukwa ali m'gulu la amene amalowa ndi kutuluka pakati pathu m'nyumba. Swahaba amene adasimba Mahadith ochuluka kuposa wina aliyense, oposa 5,000, timam'dziwa ndi dzina la Abu Hurayra, kutanthauza bambo wa kamphaka, chifukwa cha kamphaka kamene ankakonda kuyenda nako. Ndipo ku Cairo, Sultan Baybars, amene adalamulira kuyambira 1260 mpaka 1277, adapereka munda ngati wakfu kuti phindu lake lizidyetsa amphaka opanda kwawo a mumzindamo. Mfumu imene idamenya nkhondo zikuluzikulu sidaone kuti kusamala amphaka a m'misewu kungaichotsere ulemu.

Pali chinthu china chimene sitingachilambalale, pakuti n'chimene chimaumitsa mitima ya anthu ambiri kwathu kuno. Ena amakhulupirira kuti mphaka wachilendo, makamaka wakuda, wolira usiku padenga kapena pazenera, watumidwa ndi mfiti. Chifukwa cha mantha amenewa mphaka amagendedwa, amatumiridwa agalu, nthawi zina amatenthedwa wamoyo. Chisilamu chidatiletsa kuombeza tsoka ndi nyama kapena mbalame, ndipo Surat Al-Hujurat ndime 12 ikutichenjeza kuti kuganizirana kwina ndi tchimo. Mphaka amalira usiku chifukwa cha njala, chifukwa chofuna mnzake, kapena chifukwa akusaka ana ake. Amayenda mu mdima chifukwa maso ake adalengedwa oona bwino pa kuwala kochepa, ndipo makoswe amatuluka nthawi imeneyo. Amene akuopa zoipa zobisika adapatsidwa chishango chake: Ayatul Kursi, Surat Al-Falaq, Surat An-Nas ndi ma adhkar a m'mawa ndi madzulo. Magazi a nyama yosalakwa sadatetezepo nyumba ya munthu. Kulanga ndi moto kudaletsedwa ndithu. Mtumiki ataona chisa cha nyerere chitatenthedwa ndi anzake apaulendo adadzudzula, ponena kuti chilango cha moto n'cha Mwini moto Yekha.

Tsono tifike pa ana athu. Abdullah ibn Umar, Allah asangalale naye, adadutsa pamene anyamata adamanga mbalame n'kumailasa ndi mivi ngati chandamale. Atamuona adabalalika, ndipo iye adawauza kuti Mtumiki adatemberera munthu wosandutsa chamoyo kukhala chandamale. M'mabuku a Abu Dawud ndi Tirmidhi mulinso chiletso cha kumenyanitsa nyama. Mwana amene akutumira galu mphaka akuchita zonse ziwirizi nthawi imodzi. Koma chimene chiyenera kutiopsa kwambiri n'chimene chikuchitika mumtima mwa mwanayo. Akuphunzira kuti kulira kwa wofooka n'koseketsa, kuti amene alibe wom'tchinjiriza ndi choseweretsa, ndi kuti akuluakulu akaona zotere amangoyang'ana kumbali. Makolo athu adati m'mera mpoyamba. Mnyamata ameneyu mawa adzakhala mwamuna wa mwana wamkazi wa wina, adzakhala bwana wa wantchito, adzasunga ana amasiye a mbale wake. Chifundo chimene sitidachibzale pa mphaka tisayembekeze kudzachikolola pa mkazi wamasiye.

Tikudziwa kuti alipo amene akunena mumtima kuti amphakawa ndi akuba, amaba usipa pathandala, amagwira anapiye, amagubuduza miphika. Izi n'zoona, ndipo Shariya siuza munthu kuti apinde manja katundu wake akuonongeka. Lamulo la maulama n'lakuti choipa chimachotsedwa poyamba ndi njira yopepuka: kuvundikira chakudya, kutsekera anapiye m'chitatanga, kuingitsa ndi madzi kapena phokoso, kusamutsa. Koma kum'pereka kwa agalu kuti am'ng'ambe ali moyo si kuteteza katundu. N'kubwezera, ndipo n'kubwezera kopyola muyeso pa cholengedwa chimene chidangomvera njala. Tiwerengenso mbali inayo ya sikelo: amene adathamangitsa amphaka onse pamudzi amawakumbukira pamene makoswe aboola matumba a chimanga.

Alipo enanso amene akuti tiyambe tathandiza anthu, za amphaka zibwere pambuyo. Munthu ali patsogolo, ndipo palibe akukana. Koma chifundo si ufa wa m'thumba woti ukapatsa mphaka mwana agona ndi njala. Kumanga galu wako usiku sikulanda nsima ya wamasiye. Kudzudzula mnyamata wa legeni sikufuna ndalama. Ndipo zimene taona m'moyo n'zakuti dzanja lozolowera kuthira madzi m'chigoba cha mphaka ndi lomwelo limene limafulumira kutsegulira mlendo chitseko.

Tikunena mawu amenewa ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. M'pempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa n'kwa Allah amene chifundo Chake chakwanira chinthu chilichonse. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad, pa akubanja kwake ndi pa Maswahaba ake.

Akapolo a Allah, ulaliki umene suthera pa ntchito umatsala pamphasa za mzikiti. Tiyeni tsono tinene zimene aliyense angachite.

Kwa inu osunga agalu: Sunna idaloleza galu wosakira, wolonda ziweto ndi wolonda munda, ndipo maulama ambiri adaphatikizapo wolonda nyumba pamene pakufunika kutero. Chilolezo chimenechi chimabwera ndi ngongole yake. M'dyetseni galu wanu, pakuti galu wanjala ndiye amasaka. Usiku alonde mkati mwa mpanda wanu, asayendeyende m'bairro lonse. Agalu amene masana ngofatsa amasanduka olusa akasonkhana pagulu. Ngati mukum'manga, chingwe chikhale chachitali, pamthunzi, madzi ali pafupi, kuopa kuti pothawa tchimo limodzi mungagwere m'tchimo la mayi uja. Musam'phunzitse kugwira amphaka ngati masewera. Ndipo m'bayitseni katemera wa chiwewe alangizi a ziweto akalengeza.

Kwa inu amene muli ndi amphaka pakhomo: mphaka wamkazi atha kutenga bere asanakwane miyezi 6, bere lake limatenga masiku pafupifupi 65, ndipo atha kubereka kawiri kapena katatu pachaka. Choncho thumba limodzi la tiana lotayidwa kumsika limadzaza msika wonse m'zaka zochepa. Musataye tiana, tisiyeni tiyamwe mpaka miyezi iwiri, kenako tifunireni makomo kwa abale ndi anansi amene nkhokwe zawo zikuvutika ndi makoswe. Kumene kuli dotolo wa ziweto, funsani za kufula kapena kutseka kubereka. Maulama ambiri a masiku ano adaloleza zimenezi ngati zikuchotsa vuto lalikulu ndipo zikuchitidwa ndi wodziwa popanda kuzunza nyamayo.

Kwa inu amene mumadyetsa amphaka opanda kwawo, Allah akulipireni, koma chitani mwanzeru kuti sadaka yanu isasanduke msampha. Mkute kapena mitu ya nsomba yoikidwa pansi imaitana agalu, ndipo mphaka amaphedwa ali pambale. Ikani chakudya pamwamba, pakhoma kapena padenga la khola, nthawi ya masana, ndipo chotsani zotsala dzuwa lisanalowe. Chida cha mphaka ndi kukwera ndi kulowa pothina. Thabwa limodzi lotsamiritsidwa kukhoma, kabowo kakang'ono pansi pa mpanda kokwana mphaka koma kosakwana galu, mtengo umodzi wosiyidwa pabwalo: zimenezi n'zimene zimasiyanitsa moyo ndi imfa. Mukapeza mphaka wabereka pangodya ya nyumba yanu, ya shopu kapena ya mzikiti, m'tchingireni ndi njerwa kapena malata, n'kusiya khomo laling'ono. Tiana take timabadwa tosaona, timatsegula maso patapita sabata imodzi kapena kuposerapo, ndipo sitingathe kuthawa mpaka patapita masabata angapo. Amabutchala ndi ogulitsa nsomba, kwirirani zotaya zanu, chifukwa dzala lotseguka ndilo bwalo la nkhondo imeneyi.

Mukapeza galu wagwira kale mphaka, musalowetse dzanja pakati pawo. Thirani madzi, menyani chitini, fuulani. Galu akachoka, m'phimbeni mphakayo ndi thumba kapena nsalu yokhuthala musanam'nyamule, pakuti nyama yopwetekedwa imaluma ngakhale woipulumutsa. Dziwaninso kuti galu akagwira amagwedeza, choncho mphaka atha kuvulala m'kati ngakhale kunja kukuoneka bala laling'ono. Muikeni pamalo abata ndi ofunda, ndipo ngati n'kotheka muonetseni kwa mlangizi wa ziweto.

Apa pali nkhani yokhudza miyoyo ya ana athu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zikaonekera, kuchira kumakhala kosayembekezeka. Koma agalu 70 mwa 100 aliwonse a m'dera akalandira katemera, matendawa amasiya kufalikira. Aliyense wolumidwa kapena kukandidwa ndi galu kapena mphaka wosadziwika atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Gulu la agalu limene lero lakhadzula mphaka ndi lomwelo limene mawa lidzakumana ndi mwana wopita ku madrasa m'bandakucha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Poteteza mphaka tikutchinjirizanso mwanayo.

Tikuchenjezanso za njira imene ena amaithamangira akakwiya: kuthira poizoni m'nyama n'kuitaya panjira. Poizoni sasankha. Amapha galu wolusa ndi galu wofatsa, amapha mphaka yemwe timati tikum'teteza, amapha nkhuku ndi akhwangwala, ndipo mwana wokwawa atha kum'tola. Imfa yake njochedwa ndi yowawa. Shariya idaloleza kupha galu woluma anthu kapena wachiwewe, koma Mtumiki adaphunzitsanso, monga adalembera Imam Muslim, kuti Allah adalamula ubwino pa chinthu chilichonse, ngakhale pa kupha. Galu woopsa akaoneka, kauzeni mwini wake, mlembi wa bairro, anyakwawa ndi ofesi ya boma yoona za ziweto, kuti nkhaniyo ithe mwa dongosolo. Kuchotsa nkhanza imodzi ndi nkhanza inzake n'kuonjezera mlandu pa mlandu.

Kwa aphunzitsi a madrasa ndi makolo: simbirani ana nkhani ya mayi wa mphaka ndi ya munthu wa pachitsime monga momwe mumawaphunzitsira wudhu ndi swala. Ndipo mukaona anyamata azinga mphaka, musanene kuti si ana anga. Imani monga adaimira Ibn Umar. Mawu amodzi a munthu wamkulu amabalalitsa gulu lonse.

Abale ndi alongo, Imam Muslim adalemba kuti pa Tsiku la Chiweruzo aliyense adzabwezeredwa ufulu wake, kufikira kuti nkhosa yopanda nyanga idzalandira chilungamo kuchokera kwa nkhosa ya nyanga imene idaigunda. Ngati chilungamo cha Allah chidzafika pakati pa nyama ziwiri zosapatsidwa nzeru, nanga bwanji pa munthu amene adali ndi nzeru, chingwe, mpanda ndi mawu, koma sadagwiritse ntchito ngakhale chimodzi? Tsiku limenelo sitidzafunsidwa za amphaka onse a padziko. Aliyense adzafunsidwa za galu wa pakhomo pake, za thumba limene adanyamula kupita nalo kumsika, ndi za tsiku limene adaona n'kukhala chete.

E Allah, tikhululukireni pa zolengedwa Zanu zimene tidazilakwira modziwa ndi mosadziwa. E Allah, fewetsani mitima yathu ndi mitima ya ana athu, ndipo musatiike m'gulu la ouma mtima. E Allah, tichitireni chifundo monga mudam'chitira amene adamwetsa galu waludzu, ndipo titalikitseni ndi mathero a amene adatsekera mphaka. E Allah, chiritsani odwala athu, khululukirani akufa athu, dyetsani anjala, tetezani amasiye, tipatseni mvula ya madalitso imene idzakhutitse anthu ndi ziweto, ndipo khazikitsani mtendere m'dziko lathu la Mozambique ndi m'maiko onse. Amin.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chifundo.